Pemphero la ku Fakitale ya Makandulo

Eni ake a fakitale ya makandulo anaimbira foni manejala wawo kuti achotse ntchito munthu mmodzi, ndipo a manejalawo, amene onse ankangowatcha Bwana, anamusankha okha munthuyo: bambo wachikulire wodula zingwe za makandulo, amene anzake ankawatcha a Tiweramitse chifukwa ndi iwo ankatsegula msonkhano uliwonse ndi pemphero. Lolemba m'mawa, antchito akukoka mabenchi m'holo yopakiramo katundu, Bwana anaitanitsa a Tiweramitse mu ofesi kuti awauze za kuchotsedwako, ndiponso kuti ena onse akaumvere uthengawo m'pemphero, maso ali chitsinzinire.

A Tiweramitse analowa atanyamula tiyi wa Bwana, amene anamupeza akuzizira pawindo. Anapukuta kunsi kwa kapu ndi mkono wa ovolosi asanaiike patebulo.

"Achikulire, mumatsatira nkhani za m'dziko?" anayamba Bwana.

"Ndimamvera wailesi, bwana. Makamaka za nyengo ndi mauthenga a maliro."

"Ndiye mwamva kuti magetsi asiya kuzimazima."

"Mulungu ndi wabwino."

"Sindinafunse za Mulungu."

"Ayi, ndimangonena. Tinawapempherera kwambiri magetsi amenewa. M'holo momwemu."

Bwana anabweza kapu isanafike pakamwa. "Ndinu munawapempherera?"

"Munandituma ndinu, bwana. Tsiku lija makina anaima phula lili pamoto."

"Ndinkanena magetsi a fakitale ino, osati a dziko lonse."

"Simunatchule malire."

Bwana anaimirira n'kupita pawindo, manja kumbuyo, monga amaimira anthu a pa zikuto za mabuku a utsogoleri.

"Anthu asiya kugula makandulo, achikulire. Ndiye ine, monga mtsogoleri, ndakhala ndikusinkhasinkha. Tandiuzani, cholinga cha kampani ino n'chiyani?"

"Makandulo, bwana."

"Apo ndi pamene anthu wamba mumaphonyera. Ife sitigulitsa makandulo. Ife timathamangitsa mdima m'miyoyo ya anthu."

"Ndiye zatheka."

"Chatheka n'chiyani?"

"Mdima wathawa. A magetsi atithandiza ntchito. Ndikawathokoze m'pemphero?"

"Musayerekeze."

"Kapena ndipemphe kuti mdima ubwerere?"

Bwana anatsitsa mawu. "Zimatheka?"

"Kupempha kumatheka. Koma mlamu wanga wagula filiji yogulitsira zozizira, ndipo amapemphera kuposa ine. Amasalanso kudya."

"Zisiyeni." Bwana anabwerera pampando. "Ine ndili ndi masomphenya."

A Tiweramitse anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. "Usiku kapena masana?"

"Masomphenya a kampani."

"Anakuonekerani ndani?"

"Palibe anandionekera. Eni kampani anandiimbira foni."

"Pafoni," anatero a Tiweramitse, akugwedeza mutu. "Kale zinkabwera m'maloto. Koma pitirizani, ine sinditsutsa."

"M'masomphenya amenewa, munthu mmodzi pano ayenera kupuma."

"Tonse tikupuma, bwana. Kupatula a m'chipinda chosungunulira phula. Windo la kumene kuja linakana kutseguka chaka chatha, ndinakuuzani."

"Kupuma ntchito."

"Nthawi ya nkhomaliro?"

"Kupumiratu."

A Tiweramitse anakhala pampando mosauzidwa. "Kupumiratu? Akudwala ndani?"

"Palibe akudwala. Ikudwala ndi kampani. Ndipo dokotala wabwino amadula chala kuti mkono upulumuke."

"Ndiye tili ndi wa chala chotupa. Ndi mayi uja wa kopakira? Ndinamuuza kuti achiviike m'madzi amchere."

"Iwalani za chala." Bwana anamasula tayi pang'ono. "Munthu mmodzi asiya ntchito. Apita kwawo. Sadzabweranso kuno m'mawa. Mwamva tsopano?"

"Ndamva, bwana. Ndani?"

Bwana anatsegula pakamwa. Anayang'ana manja a bamboyo, ong'ambika ndi phula, kenako anayang'ana kalendala.

"Ndi munthu amene watumikira kampani ino mokhulupirika."

"Alipo ambiri."

"Munthu amene imvi zamumerera pano."

"Atsala ochepa."

"Munthu amene pa msonkhano uliwonse amaima kutsogolo n'kumalankhula, ena onse mitu ili pansi."

A Tiweramitse anakanda kumutu, ndipo Bwana anapitiriza.

"Munthu amene, tikanena chilungamo, kampani ikhoza kuyenda bwinobwino popanda iye. Ndipo kuti ndisazungulire, munthuyo ali mu ofesi muno."

A Tiweramitse anayang'ana kuseri kwa chitseko. Anayang'ana pansi pa tebulo. Munali anthu awiri ndi fani. Pomaliza maso awo anaima pa imvi zimene zinali m'mbali mwa makutu a Bwana, ndipo nkhope yawo inagwa.

"Aa, bwana."

"Mwamvetsa?"

"Ndamvetsa."

"Mwaona, ine ndinaphunzira kulankhula ndi anthu. Sindibwereza mawu."

"Kunena zoona, ndinaziona kale zikubwera. Ndinangoti si malo anga kunena."

"Munaona chiyani?"

"Kuti ntchito ya munthuyo sioneka. Anthu m'holomu amafunsa kuti kodi kwenikweni amachita chiyani tsiku lonse. Ena amati ngakhale atayikapo chitsa, makandulo azituluka chimodzimodzi."

"Amatero?" Bwana anapumira m'mwamba. "Ndiye anthu anga ndi ozindikira kuposa mmene ndinkaganizira."

"Ine ndimawaletsa. Ndimati nayenso ndi munthu, ali ndi ana."

"Ndinu wokhwima maganizo, achikulire. Wina akanayamba kulira pano."

"Kulira kulipo, bwana, koma osati pamaso panu. Simuyenera kusenzanso misozi yanga."

"Zikomo. Chifukwa anthu sadziwa kuti utsogoleri ndi nsembe. Chisankho chimenechi chandipweteka ine kuposa wina aliyense."

"N'zosachita kufunsa."

"Sindikugona."

"Mungagone bwanji?"

"Mtsogoleri weniweni amameza ululu yekha kuti anthu ake apulumuke. Zimenezo sakuphunzitsani kusukulu. Zimachokera muno." Bwana anadzimenya pachifuwa, cholembera n'kugwa m'thumba.

A Tiweramitse anachitola, anachipukuta, n'kuchibwezera. "Mayi kunyumba mwawauza?"

"Mkazi wanga? Sindimuuza za kuntchito."

"Nkhani ngati iyi, bwana? Adzamvere kwa anthu?"

"Ikumukhudza pati?"

"Ee," anatero a Tiweramitse motsitsa. "Amuna ena ndinu olimba mtima. Nanga munthuyo akachoka pano azikadya chiyani?"

"Limenelo ndi funso la anthu oopa kusintha. Dziko likuthamanga, achikulire. Onani mafuta, onani mitengo ya zinthu, onani nkhondo za kunjaku. Munthu wamakono sakakamira mpando umodzi. Akhoza kulima."

"Khasu angalithe?"

"Bwanji asalithe?"

"Chabwino. Matuza ndi a sabata yoyamba yokha. Msana ndi umene umachedwa kuzolowera."

"Mtima umenewo ndi umene ndikufuna. Akhozanso kuweta nkhuku."

"Nkhuku ndili nazo ziwiri zoikira. Imodzi ikhoza kukhala yoyambira."

"Mwaona? Mapulani alipo kale."

"Ndibweretsa mawa m'katoni."

"Kubweretsa kuno? Ayi, isungeni."

"Musachite manyazi, bwana. Yakudayo ndi yofatsa. Imangodana ndi kuisuzumira ikamaikira."

"Ndati isungeni. Muifuna kwambiri ndinu."

A Tiweramitse anapukuta m'maso ndi chipewa. "Mpaka lero mukuganizirabe ena."

"Ndi mmene ndinabadwira," anatero Bwana. "Tsopano, za pemphero. Ndikufuna nkhaniyi anthu aimvere mmenemo."

"Bwanji osanena nokha?"

"Anthu akatsinzina safunsa mafunso."

"Koma Mulungu amafunsa."

"Iye akafunsa mudzayankha ndinu. Muyambe ndi kuthokoza chifukwa cha utsogoleri wanzeru."

"Wa ndani?"

"Mukuona atsogoleri angati pano?"

"Ndimafuna ndisalakwitse adiresi, bwana."

"Kenako mutchule mavuto a zachuma padziko lonse, kuti anthu adziwe kuti si vuto la ofesi ino."

"Mulungu akuwadziwa mavutowo."

"Mukumbutseni. Kenako munene kuti mmodzi wa ife wavomera kuchoka mwa kufuna kwake, mosakakamizidwa, chifukwa chokonda kampani."

"Ndi zoona zimenezo? Kumwamba sindipititsa nkhani yosatsimikizika."

"Mwaona wina akukakamizidwa muno?"

"Ayi. Ndaona munthu akudzipereka."

"Basi, nenani zomwezo."

"Ndimutchule?"

Bwana anaganiza. "Mutchuleni. Zikachokera pakamwa panu zigwira mtima kwambiri."

"Sizikuchititsani manyazi, pamaso pa anthu onse aja?"

"Ine? Mtsogoleri sachita manyazi ndi zisankho zake."

"Nanga mpando wake atenga ndani?"

"Palibe. Ntchito yotero sifuna munthu. Tingochotsa mpandowo, malo apezeke oikapo makatoni."

A Tiweramitse anayang'ana mpando wachikopa umene Bwana anakhalapo. "Ndi wabwinobwino. Mwendo umodzi wokha ndi umene umalira."

"Ndi kabenchi chabe."

"Kudzichepetsa kwake," ananong'ona a Tiweramitse. Kenako anasendera pafupi. "Bwana, ndifunse komaliza. Mwatsimikiza? Mwina tidikire mwezi umodzi. Mvula ikayamba mapolo a magetsi amagwa, makandulo amayenda malonda. Munthuyo tamuzolowera. Amakalipa, inde, amalankhula zinthu zosamveka, koma tsiku lina anandinyamula pagalimoto mvula ikugwa."

Bwana anali akuyang'ana foni ndipo anangomva mawu oyamba okha. "Kudikira ndi matenda a makampani akufa. Ine ndikanena ndanena."

"Chifukwa kwa Mulungu sitibweza mawu."

"Ngakhale kwa ine."

Belu linalira. Bwana anaimirira, ndipo pakhomo chikumbumtima chinawagwira pang'ono.

"Achikulire, kuti timvane bwinobwino. Munthu amene tikunenayu ndi..."

"Taimani kaye." A Tiweramitse anawongola kolala ya Bwana imene inapindika kumbuyo, anakweza tayi, n'kuchotsa kaulusi paphewa. "Lero anthu akuyang'anani kwambiri. Mumati chiyani?"

Bwana anatsegula chitseko. "Palibe. Tamvana kale."

M'holo munali mutadzaza. Pabenchi yakutsogolo panakhala mayi wa magalasi, mmodzi wa eni kampani, amene anabwera mosalengeza kudzaona ngati munthu mmodzi uja wachokadi. Bwana anawaweramira kawiri, n'kuima pambali pa a Tiweramitse.

"Tiweramitse mitu," anatero a Tiweramitse, ndipo mitu inawerama. "Ambuye, tikuthokoza chifukwa cha magetsi, ngakhale ndauzidwa kuti ndisatero."

Bwana anatsokomola.

"Tikukumbutsani za mavuto a zachuma padziko lonse. Mukuwadziwa, koma ndatumidwa. Tikuthokozanso chifukwa cha utsogoleri wanzeru."

Bwana anagwedeza mutu, maso ali otseka.

"Ambuye, eni kampani afuna kuti mmodzi wa ife achoke. Akanatha kuchoka mayi wa chala chotupa. Akanatha kuchoka a kosungunulira phula. Ndikanatha kuchoka ine, nkhalamba yodula zingwe. Koma mmodzi waimirira, mwa kufuna kwake, mosakakamizidwa."

"Mmm," inavomera holo.

"Wandiuza ndi pakamwa pake kuti kampani ikhoza kuyenda bwinobwino popanda iye. Wati mpando wake uchotsedwe, paikidwe makatoni. Ngakhale mkazi wake sanamuuze."

Bwana anatsegula diso limodzi.

"Tikuwapereka m'manja mwanu Bwana athu, a manejala, amene lero akutula pansi udindo kuti ana a anzawo asagone ndi njala."

Kumbuyo wina anayamba kufwenthera. Mayi wa magalasi anatsegula maso, anayang'ana Bwana kuyambira kunsapato mpaka kutayi, ndipo pankhope pawo panaoneka mtendere wa munthu amene wayankhidwa zoposa zimene anapempha. Anatsinzinanso.

Bwana anakoka ovolosi ya a Tiweramitse. "Achikulire," ananong'ona.

"Muwapatse mphamvu pa khasu, Ambuye."

"Achikulire, imani kaye."

"Muwadalitsire nkhuku yakuda ija, ngakhale akuikana."

Bwana anakokanso, ndipo m'holo mmene munali zii mawu awo anamveka mpaka kubenchi yomaliza. "Si ine. Ndi inu."

A Tiweramitse anakweza manja onse awiri.

"Mwadzimvera nokha, Ambuye. Akuti si iwo achita zimenezi, ndi Inu."