Nyerere Kuseri kwa Nyumba

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mayi a kunyumba. Ndine nkhalamba ya kuno ku Lulimile. Ludzu silinkandichoka, ndinkangopitapita kukataya madzi, ndipo bala la khasu kuphazi linkakana kupola. Kenako ndinaona nyerere zitaunjikana kuseri kwa nyumba, pamene ndinkataya madzipo.

Ndinafunsa anzanga a pabawo, madotolo odzisankha okha aja. Wina anati, "Achimwene, akupondetsani mankhwala. Pali wina akusirira mbatatesi zanu." Wina anaseka: "Aaa, madala, imwani kachasu, atsuka m'thupi monse!"

Zitsiru zenizeni! Pakamwa pomwepa ndi pamene panamaliza mkulu wanga. Anatupa mwendo mpaka kumwalira, ine ndikungogwedeza mutu kuvomera nzeru zawo zowolazo.

Koma tsopano ndinali nditalowa sukulu ya akulu, imvi zili mbuu. Kumeneko namwino anatiuzapo kuti zizindikiro zotere n'za matenda a shuga, ndipo munthu amakhala bwino akamamwa mankhwala ndi kusamala kadyedwe. Anzanga aja ndinawasiya akukanganirana nkhomo za bawo, osawatsanzika.

M'mawa mwake sindinalawe kanthu, monga namwino uja anatilangizira. Ndinatsimphina mpaka kuchipatala, n'kupereka chala kuti achibaye, andiyeze magazi.