Misheck Zgambo ndi mapilitsi a m'chigafa

Anamfedwa, abusa, mafumu, ndi nonse amene mwasiya fodya wanu m'munda kudzakhala nafe, amene agona apawa ndi bambo Misheck Mwavi Zgambo. Anabadwa m'chaka cha 1968 konkuno kwa Kaluluma, achiwiri mwa ana asanu. Sukulu anaiyamba mochedwa chifukwa cha ng'ombe, ndipo anailekezera Folomu 2 bambo awo atatisiya.

M'chaka cha 1993 anakwatira mayi Rhoda Kamanga a ku Mtunthama, nabwera nawo pamudzi pano. A NyaKamanga akhala pakhomo lino zaka makumi atatu ndi ziwiri. Chiwerengero chimenechi muchisunge.

Malemu anagwirapo ntchito yosankha fodya pa esiteti ina ku Njombwa, kumene ine woyendayenda ndinawadziwira. Ndaona alimi m'maboma ambiri, koma wa dzanja ngati lawo sindinamupeze. Tsamba ankalidziwa ndi zala, maso ali kwina. Atayamba kulima wawo, tsamba lothimbirira silinkalowa m'belo mwawo. Paja ankati, "Dzina la munthu lili m'belo mwake." Kumpingo wa CCAP anali dikoni, ndipo belu la Lamulungu silinkawapeza panjira.

Matenda anayamba m'chaka cha 2023 ndi mutu wosamva mankhwala. Kenaka chikope chakumanzere chinagwa, mzere umodzi wa fodya nkumauona iwiri. Atawajambula ku Lilongwe, madokotala anapeza kuti mtsempha wa magazi m'mutu watupa ngati chubu cha njinga pamene chafooka. Chotupacho chinali chachikulu ngati dzira la nkhanga, cha mtundu wosaonekaoneka, ndipo kung'amba mutu kunali kuika moyo pachiswe. Patapita chaka ndi miyezi akudikira, anatumizidwa kuchipatala china kunja kwa dziko lino, a NyaKamanga ali pambali pawo.

Kumeneko mutu sanaukhudze ndi mpeni. Anaboola kabowo m'mphechepeche mwa ntchafu, nalowetsa kapaipi kowonda kamene kanayenda mumtsempha mpaka m'mutu. Pamalo potupapo anasiya kasefa ka waya, kuti magazi azidutsa molunjika osalowanso m'chotupa. A NyaKamanga ndiwo anasayina chikalata chovomereza. Lamulo anapatsidwa limodzi: mapilitsi awiri tsiku ndi tsiku osadumpha, kuti magazi asaundane pa kasefako.

Malemu anabwera mu Novembala akuyenda okha, diso likutseguka, tsitsi lonse lilipo. Apa ndi pamene ena a ife tinalakwa. Tinkayembekeza chipsera kumutu, ndiye posachiona tinayamba nthabwala. Pabawo anzawo ankati, "A Zgambo, opareshoni ya mutu pantchafu? Ndiye kuti nzeru zanu zimakhala kumeneko eti?" Iwo ankaseka nawo, koma kunena zoona zinkawalowa. Munthu wopanda bala amachita manyazi kudwala.

Mu Febuluwale fodya anacha, kusoka kunayamba. Mapilitsi aja ali ndi khalidwe lake: ukangodzibaya pang'ono, magazi sachedwa kutuluka koma amachedwa kuleka. Singano yosokera fodya mukuidziwa. Ikawalasa chala, magazi ankadonthera pamasamba. Tsiku lina ndinawapeza m'chigafa chala chili m'kamwa, akuti, "Nanga fodya wa magazi agula ndani?" Ndinaseka. Ndinayesa ndi nkhani chabe yoti ndikafotokozere ena kutsogoloku.

M'mawa uliwonse a NyaKamanga ankawapatsa mapilitsi m'manja ndi kapu ya madzi. "Abambo a Chawezi, mwameza?" Iwo ankayankha, "Ndameza, kodi ndine mwana?"

Lachiwiri lapitali, dzuwa litangokwera, malemu anagwa m'chigafa ali ndi singano m'manja. Mbali yakumanja inauma, mawu anatsekeka. Kuchipatala anati magazi aundana m'mutu. Lachinayi masana anatisiya.

Tsono pali mawu amene akhala akuyenda pamaliro pano, ndipo mbiri ikawalambalala ikhala yabodza. Kwanenedwa kuti a NyaKamanga ndiwo anapha amuna awo, poti analola kuti awaike waya m'mutu, kenaka nkuwamana mankhwala. Kwanenedwanso kuti tikangochoka kumanda alongedze abwerere kwawo ku Mtunthama. Mayiwa amva zonsezi ali pamphasa pafupi ndi bokosi.

Dzulo mvula itagwa, akulu awo a malemu, bambo Yobe Zgambo, anapita kukasuntha mikangala ya fodya kuti azibambo abisale m'chigafa. Kudenga anapeza mtolo wa masamba a madontho a magazi, obisidwa bwinobwino. M'kati mwa mtolowo munali kachitini. Ndi aka kali patebuloka. Muli mapilitsi a masabata atatu, amene malemu ankalandira m'manja mwa akazi awo, nkuwapana m'chikhatho, nkumwa madzi okha.

Sitikuwaweruza. Anaopa kuipitsa tsamba, ndipo ife owaseka tinawathandiza kukhulupirira kuti anachira kale. Madokotala anachita mbali yawo. Mayiwa anachita yawo m'mawa uliwonse. A Yobe, amene anali patsogolo pa mawu aja, ndiwo andipempha kuti ndiwerenge zimenezi pamaso pa mafumu, pakuti iwo pakamwa pawalemera. Ati mawu oti mayiwa abwerere ku Mtunthama awabweza.

Malemu asiya akazi awo, mayi Rhoda NyaKamanga, amene nyumba iyi, munda uwu ndi fodya ali m'chigafamo ndi zawo. Asiya ana anayi: Chawezi, Sellah, Tobias ndi Comfort, zidzukulu zisanu ndi chimodzi, akulu awo a Yobe, ndi alongo awo awiri.

A NyaKamanga apempha kuti kachitinika kasalowe m'manda. Ati kakhale pawindo, pamene pankakhala kapu ija.

Bambo Misheck Mwavi Zgambo, singano mwaitula. Mzimu wawo uuse, apumule mu mtendere.