Chidindo cha Malemu a ku Japan

Lamulo latsopano litangolola antchito a ku Doha kusintha ntchito popanda kalata ya bwana, Grayson wa ku Chipata, amene anakolopa maofesi zaka zinayi, anaponya notisi tsiku lomwelo ngati akutaya nsapato yothina. Ntchito ina anamupezera Eveless wa ku Ntcheu, wogulitsa m'kasitolo ka zithunzi za ku Japan kudera la Msheireb ku Doha komweko, ndipo m'mawa umenewu anamuitana kudzaona katundu asanasaine kontirakiti masana kwa mwini sitolo, bwana Hassan.

Kwawo Grayson ankasema zidindo pakhonde la positi ofesi, ndipo apa ankamufuna kuti azikhala pawindo akusema timatabwa, odutsa aziona mmene zithunzizo zimapangidwira. Analowa chifuwa chili patsogolo. Eveless anamupopera sanitaiza, anamuimika pamzere wa mamita awiri, n'kumuonetsa chithunzi chapatali: phiri loyera kumutu, mvula yopendekera, anthu atatu a zipewa zaudzu akuthamanga pamlatho. Anafotokoza monga amachitira kwa makasitomala, kuti mtundu uliwonse uli ndi thabwa lakelake losemedwa, amalipaka utoto, kuyala pepala, n'kutikita ndi dzanja.

"Chidindo basi," anatero Grayson akumwetulira m'kati mwa masiki. "Ntchito yanga yeniyeni. Anajambula ndani?"

"Mkulu wina. Anamwalira zaka zoposa handiredi fifite zapitazo."

"Nanga pepalali likuoneka latsopano bwanji?"

"Ndi la chaka chatha."

"Malemu anadinda chaka chatha?"

"Ayi, anadinda ena. Amayang'ana chakale, n'kusema matabwa atsopano ofanana ndendende."

"Kofiira aka pakona?"

"Chidindo cha dzina la malemu."

"Nachonso anasema?"

"Akanachisiya bwanji? Chili pachithunzi."

Grayson anayang'ana kamera kudenga, thukuta lili kamukamu ngakhale munali mozizira ngati m'firiji. Wosema zidindo aliyense amadziwa lamulo limodzi la ntchitoyi, loti chidindo cha mwini sakopera, kaya mwiniyo ali moyo kaya ali kumanda. Anafunsa chonong'ona ngati abale a malemu anapereka kalata. Eveless anati abalewo sanawaonepo, iye amangoona makatoni akubwera pandege. Anafunsanso ngati apolisi akudziwa.

"Wapolisi wina anagula ziwiri."

"Umboni umenewo, achemwali. Akusonkhanitsa umboni."

"Anati n'za pabalaza."

"Mumafuna anene kuti n'za kukhoti?"

Eveless anaganiza kaye, pakuti funso lililonse ankaliyankha ngati la mayeso. "Kukhoti sindinapiteko, achimwene. Kaya amakoleka zithunzi."

"Khalasi, yathera pomwepa. Ine sindisaina."

Apo Eveless anamukumbutsa, mawu ali phee, kuti notisi yake ikutha Lachinayi, kuti kuntchito kwakale analemba kale munthu wina, ndipo wopanda kontirakiti masiku ano a korona njira yake ndi ya kubwalo la ndege. Grayson zonsezi ankazidziwa, ndipo mtima unamuwawa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma iye wakeyo anamufwenthera yekha. Anali atauza kale akazi ake pafoni kuti tsopano ndi munthu wa zaluso, ndipo mopu anaupereka kwa mnzake wa ku Nepal atalankhula mawu otsanzikana ngati nduna yopuma ntchito.

Eveless anatembenuza chithunzi kuti amukhazike mtima pansi. Kumbuyo kunali mayina a wosema ndi wodinda, olembedwa bwinobwino.

"Analemba okha?"

"Okha."

"Akuba opusa chonchi sindinawaone. Adilesi ilipo?"

"Ili pakatoni. Nambala ya foni ilinso pomwepo."

Grayson anagwira kumutu. Eveless anawonjezera kuti kwawoko anthu amenewa amapatsidwa ulemu waukulu, amaphunzira zaka khumi asanaloledwe kusema ngakhale tsitsi la munthu pathabwa. Koma Grayson akakakamira chinthu, amakhala ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Anati zaka khumi zophunzira kuba n'zimene zikuwonjezera mlandu. Ndipo poona kuti mayiyu sakumva, anasendera pafupi mpaka kuponda mzere wa mamita awiri, n'kuulula chimene ankaganiza kuti anachisiya ku Chipata.

"Ine ndinagonapo m'selo masiku atatu. Ndinakopera chidindo cha ahedi a pasukulu ina, munthu atandinyengerera kuti n'cha kuofesi kwake. Kamodzi kokha. Kuja kunali kwathu, amalume anabwera kudzandipepesera. Kuno adzabwera ndani?"

"Nkhani imeneyo ndikuidziwa. Anzanu a ku Chipata amaikamba Lachisanu lililonse akakumana kudera la Old Airport. Bwana Hassan ndinawauzanso."

Grayson anabwerera m'mbuyo. Anakhala pakatoni, Eveless n'kumuuza kuti mmenemo muli mapiri makumi atatu, asawaphwanye.

"Munawauza?"

"Anafunsa za luso lanu. Ndikananama?"

"Mukanati ndimadziwa kukolopa."

"Za kukolopa sanafunse."

Grayson anatseka maso. Ankadziona kale akutsika basi ku Chipata ndi chikwama chimodzi, akazi ake akufunsa kuti zaluso zija zili kuti.

"Ndiye bwana Hassan anati chiyani?"

"Anafunsa ngati ahediwo anatha kusiyanitsa chidindo chawo ndi chanu."

Mantha onse anaiwalika pomwepo. Grayson anadzuka, anatsitsa masiki, analoza denga ndi chala, kamera ikumuona.

"Asiyanitse ndani? Apolisi atayala zidindo ziwirizo patebulo, ahedi anatola changa n'kulumbira kuti n'chawo!"

"Bwezani masiki, achimwene. Ndinawayankha zomwezo." Eveless anabwezera chithunzi pakhoma n'kuchiwongola. "Anabwera anthu asanu a mbiri yoyera kudzafuna ntchito imeneyi, onse bwana Hassan anawabweza. Akuti akufuna wa m'selo uja."