Kabichi Mmodzi Yekha

Pamsika wa ku Pfupajena, nthawi ya korona, a Thanthwe anali ataima ndi ngolo ya kabichi wofota pamene mayi wina wachilendo anafunsa mtengo.

"Tchulani nokha mari yake, mayi. Malole a ku Harare anasiya kubwera kufamu, kabichi akungowolera m'munda."

"Koma m'mashopu wakwera."

"Kwa ife wagwa. Kale maliro amodzi ankatenga ngolo yonseyi. Pano maliro ndi tsiku lililonse, koma odya sadza palibe."

"Ndipatseni mmodzi yekha. Mawa tikuika bambo akunyumba, ndipo atiloleza anthu ochepa."

A Thanthwe anasankha wamkulu, n'kuchotsa masamba ofotawo.

"Pepani, mayi. Bwezani mariyo m'chikwama. Kumaliroko sindingafike, ndiye chipepeso changa ndi chimenechi."