Kachitatu kutsanzikana ndi a Gerishon a makonirodi

Mayi Margret Chimbalanga, eni ake a galaja ino ya Tiyendenawo, ulemu wanu. Abusa, zikomo chifukwa cha pemphero lija, ngakhale chipisi chazizira tili chitsinzinire. A wapampando wa oyendetsa maminibasi pano pa Boma, eni zigayo amene mwakwera kuchokera ku Lisungwi, alamu anga a Maness ndi ana, anzanga a maovololo, amayi ndi abambo nonse, ndakupatsani moni.

Kwa osandidziwa, ine ndine Laimoni, wowotcherera zitsulo. Ine ndi a Gerishon tinalowa ntchito pano tonse tili ndi tsitsi. Andisankha kuti ndilankhule chifukwa ndine ndekha amene sangandikwiyire. Ndikudziwa zawo zambiri, ndipo akazi awo, alamu angawa, ali pompano.

Tisanamizane. Aka ndi kachitatu kutsanzikana ndi bambo awa. Koyamba tinapha mbuzi, tinawagulira bulangete, ena mpaka analira. Lolemba lake ndikufika m'mawa, ndikuona miyendo yatulukira pansi pa lole. Kuyang'ana nsapato, ndi za a Gerishon. Ndikuti kodi achimwene, zatani? Akuti, "Ndangobwera kudzatenga chipewa chimene ndinaiwala." Chipewa chimenecho anachifuna chaka chathunthu. Kachiwiri tinachenjera, tinangopha nkhuku. Anapitadi kwawo ku Matandani, anakhalako ndithu, mpaka munthu wina wa pakamwa anakawanong'oneza ku tchalitchi kuti injini ya chigayo china yanoka. Munthuyo ndikumuona apo, akubisala kumbuyo kwa mnzake. Lero ndiye mwaona nokha, tafika pa mbatatesi. Akabweranso, kachinayi tidzangowapatsa madzi.

Sekani, koma lero nkhani yake ndi ina. Mukudziwa kuti alamu anga anagwa ndi sitiroko chaka chino. Mulungu ndi wabwino, akuyenda, akulankhula, ali nafe pano. Koma dzanja lamanjali silinabwerere. Ndowa sanganyamule, manachesi sangathyole, ndipo ana ali ku ntchito kutali. Pakhomo paja pakufunika munthu, ndipo munthuyo ndi uyu wakhala apayu, wavala jekete. Ndiye ntchito yanga lero ndi imodzi yokha: a Gerishon akatuluka pageti apo, Lolemba tisawaonenso.

Chimene chimawabweza si njala ayi. Ndi konirodi. Abusa akundiyang'ana, ndiye ndifotokoze. M'kati mwa injini muli pisitoni imene imakwera ndi kutsika, ndipo kumunsi kuli kirankishafiti imene imazungulira kuti matayala ayende. Konirodi ndi chitsulo cholumikiza ziwirizi. Kumunsi kwake kumakumbatira kirankishafiti, ndipo pakati pawo pamakhala tizitsulo tiwiri topindika, mabeyaring'i, ndi kampata ka oyilo kochepa kuposa tsitsi. Basi, ndi zomwezo. Bambo awa ataya unyamata wawo wonse pa kampata kameneko, ndipo sakhulupirira kuti pansi pano pali munthu wina amene angakayeze.

Mantha amenewa ndikudziwa kumene anawatenga, chifukwa ndinalipo. Tidakali anyamata anatituma ku Lisungwi kukamanga injini ya chigayo. Beyaring'i ina imakhala ndi kabowo kodutsira oyilo. A Gerishon, poti nthawi imeneyo ankadziwa zonse, anaiika mozondoka, kabowo n'kutsekeka. Tinaliza injini. Inalira bwinobwino. Azimayi ali pamzere ndi madengu, a Gerishon agwira m'chiuno, akuuza mwini chigayo kuti, "Bwana, apa mwapeza amisiri." Posakhalitsa tinamva go, go, go. Kenako phokoso loti aliyense anathawira kwake. Utsi utatha tinapeza konirodi yaboola injini pambali, ikusuzumira kunja. Ine ndinali nditafika kale kumsewu. Awa anachedwa. Mayi wina wamkulu anawagwira pamkono, n'kuwapatsa musi, akuti, "Mwana wanga, chigayo wapha ndiwe, ndiye chigayo ukhala ndiwe. Sinja." Anasinja, anthu inu. Pobwerera anakwera lole manja ali m'mwamba chifukwa cha matuza. Alamu akuseka, nkhani imeneyi sanawauzepo.

Kuchokera tsiku limenelo munthu anasintha. Makaniko aliyense amasamba m'manja akamaliza ntchito. Awa amasamba asanayambe. Akatsegula injini, konirodi iliyonse amaikhoma timadontho, ndipo chotsekera chake amachikhomanso timadontho tomweto, kuti zisasokonekere. Ukangoyesa kusinthanitsa zotsekerazo, tsiku limenelo sudya. Amati, "Ziwirizi anazipangira limodzi ku fakitale, anaziboolera limodzi. Iwe ndiwe ndani kuti uthetse ukwati wa eni?" Mabeyaring'i saika pa benchi, amayala kaye nsalu yoyera. Alamu, nsalu ya patebulo ija munkaifuna chaka cha ukwati wa mwana wanu wamkulu, musavutikenso. Ili m'kabati umo, ndipo simungaizindikire.

Nanga za sikelo. Amati makonirodi a injini imodzi azilemera chimodzimodzi, apo ayi injini imanjenjemera. Ife sikelo tinalibe. Ndiye bambo aulemu wawo ankanyamula makonirodi m'jumbo, ulendo kumsika, n'kuima pamzere kwa ogulitsa nyama. Anzawo akuti ndiyezereni hafu, iwo akutulutsa zitsulo. Yolemera ankabwera nayo kudzaipala pang'ono, n'kubwereranso kumsika. Mwini butchala anapirira mpaka makasitomala atayamba kudandaula kuti chiwindi chikununkha dizilo. Mayi Chimbalanga anagula sikelo ya galaja ino chifukwa cha manyazi.

Ndipo usawafunse funso uli ndi changu. Dalaivala wina ananyamula konirodi n'kunena kuti opangawo anaba chitsulo, taonani pakatipa mmene papyapyalira. A Gerishon anamukokera mpando. Akuti, "Sanabe kanthu. Mphamvu ili m'mphepetemu. Pakatipa anachotsa dala kuti chipepuke, chifukwa chinthu chothamanga chotere chikalemera chimadzithyola chokha." Anapitiriza mpaka pa beyaring'i, kuti anaipanga yofewa mwadala, kuti izitha iyoyo kirankishafiti ipulumuke. Pamene ankamaliza, mapasenja onse anali atakwera minibasi ina.

Tsopano ndisiye zoseka pang'ono. A Gerishon, ife tikuthokoza. Mukukumbukira nyengo za mvula zija msewu wathu ukasanduka phala, sipeya osafika kuchokera ku Blantyre. Galimoto yonyamula odwala ikaima pano, inu munkatenga chidutswa cha mkuwa, n'kuima pa makina osemera zitsulo aja mpaka kutulutsa bushi, kamphete ka kumutu kwa konirodi, yolowa ngati yogula. Pali anthu ku Neno kuno amene anafika kuchipatala ndi moyo chifukwa cha manja amenewo, ndipo sakudziwani n'komwe. Pali zigayo zimene zikanagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha, koma zikugayabe. Simunauzepo munthu kuti injini ili bwino pamene siili bwino. Ine ndakhala nanu zaka zonsezi, mwandinyoza mawotcheredwe anga tsiku ndi tsiku, koma ndikunena pamaso pa anthu kuti ndimakunyadirani, ndipo ndikusowani.

Vuto lanu ndi limodzi. Simusiyira mnzanu sipanala yomaliza. Memory, taimirirani anthu akuoneni. Mayi awa akhala pa benchi ya injini ndi a Gerishon kuyambira kalekale. Amatsegula, amatsuka, amayeza, amaika mabeyaring'i. Koma ikafika nthawi yomanga mabawuti a makonirodi, mumangomva, "Tapatuka, mwana wanga." Mwana wawoyo ali ndi mwana wake ku sekondale. Ndikawafunsa a Gerishon amati, "Ali bwino, koma dzanja silinakhwime." Dzanja limeneli lakhala likukhwima mpaka Memory wayamba imvi. Ndiye chifukwa chake a Gerishon amabwerera. Akakhala ku Matandani tulo sabwera, amaona makonirodi akutulukira pambali m'maboma onse.

Khalani pansi, Memory, koma musapite kutali.

Alamu atadwala, a Gerishon anapita nawo kuchipatala ku Blantyre, n'kukhala komweko kuwadikirira. Pamenepo anachita zaumuna, sanatiyimbire foni ngakhale kamodzi kufunsa za galaja. Ali konko, minibasi ya a Jailosi, dalaivala uyo wa kapu yofiira, inanoka pa chitunda ikuchokera ku Lisungwi, itadzaza matumba a nandolo. Anaikoka mpaka pano. A Jailosi nkhope ili gwa, akuti poti mdala kulibe, bola ndiikokere ku Blantyre. Mayi Chimbalanga anayang'ana Memory. Memory anangopita pampopi kukasamba m'manja.

Ine ndinaonerera zonse, ntchito yanga nditaisiya. Kirankishafiti anaitumiza ku tauni kukapalitsa, n'kuitanitsa mabeyaring'i a saizi yake yatsopano. Konirodi imodzi anaipeza yopindika, anaichotsa, n'kupeza ina. Inali yolemera pang'ono kuposa zinzake, anaipala mpaka zinafanana. Bushi anasema yekha. Itafika nthawi ya mabawuti aja anatembenuka, mwachizolowezi, kudikira woti amuuze kuti apatuke. Panalibe. Anatenga sipanala. Anamanga. Minibasi ija yakhala ikukwera ndi kutsika mapiri athuwa kuyambira nthawi imeneyo, nandolo, mbatatesi, anthu a kumaliro, zonse. Tinapangana kuti a Gerishon asauzidwe, chifukwa akanaitsegulanso kuti aone.

Ndiye lero m'mawa tinafunika galimoto yokatenga banja ku Matandani. Mukuganiza kuti tinatumiza iti?

A Gerishon anakhala kutsogolo, pamwamba pa injini penipeni. Injini imeneyo anaimangapo iwo zaka zapitazo, ndiye amaitenga ngati mwana wawo. Atafika pokwera paja anauza a Jailosi kuti azimitse wailesi. Anaika dzanja pansi pa mpando, n'kutseka maso. A Jailosi akuti thukuta linayamba kutuluka. Kenako mdala anatembenukira kumbuyo kwa ana awo, akuti, "Mukumva? Umu ndi mmene imalirira injini yomangidwa ndi munthu wodziwa. Iyi ndinamanga ine. Ikhoza kuyenda zaka popanda woigwira." Alamu, ndikunama? Mwamva, akuti sindikunama.

Achimwene, si inu. Ndi Memory.

Taonani, aimirira. Khalani pansi, a Gerishon, minibasi takiya ndipo makiyi ali ndi abusa. Mukufuna kufunsa? Funsani muli pomwepo.

Akumbuyo simunamve, ndikubwerezereni. Afunsa Memory kuti, "Mpata wa oyilo unayeza pa zonse, kapena pa imodzi yokha?" Memory wayankha kuti, "Pa zonse, bambo, ndipo ndinabwereza." Afunsanso kuti, "Nanga mabawuti unabwezera akale?" Akuti, "Ayi, ndinaika atsopano."

Tikudikira, achimwene. Pali funso lina?

Akuti palibe. Akuti, "Basi, wakhoza." Ine ndagwira ntchito ndi bambo awa moyo wanga wonse, mawu amenewo ndikuwamva lero koyamba. Memory, lirani ndithu, palibe wokuletsani. Wina awapatse mpango a Gerishon, akuti ndi utsi wa chipisi.

Ndiye mwadziweruza nokha, ndi khutu lanu lomwe, pamaso pa ana anu. Zimene munali nazo m'manjamo munazipereka kale, kungoti simunadziwe. Galaja ino siigwa. Zigayo zigaya, maminibasi akwera mapiri, ndipo injini ikanoka wina asamba m'manja n'kuitsegula. Inu pitani kwanu ndi mtima pansi. Mukadzuke dzuwa litatuluka. Mukathyole manachesi, mukatunge madzi, mukaphunzire kukoleza moto osadzaza nyumba ndi utsi. Alamu akamachita zolimbitsa dzanja zimene anawauza a chipatala, mukhale pambali pawo, muziwagwirira, ndipo musawafulumizitse. Ife tizibwera kudzakuonani. Inu mukatifuna, bwerani Loweruka, mutavala malaya oyera, muli ndi alamu.

Alamu anga a Maness, munatibwereka mwamuna wanu ali mnyamata, ndipo tamusunga nthawi yaitali kuposa mmene tinapanganira. Mutikhululukire. Tamukalambitsa, makutu ayamba kuvuta, zala zapindika, koma mtima ukadali womwe uja. Lero tikukubwezerani, ndipo ulendo uno ndi wanu yense.

Mulungu akupatseni mpumulo wabwino ndi masiku ambiri muli awiri. Anzanga, tiyeni tonse tiimirire. A Gerishon, agwireni alamu dzanja, lamanjalo, muwathandize kudzuka. Tsopano manja amveke mpaka ku Matandani.