Tsiku limene ndinakhala pa chigubu n'kumvetsera

Omvera anzanga, chimwemwe chandikanika kusunga. Kuno ku Kanyama ndakhala ndikuphunzitsa Baibulo mayi ena ogulitsa malasha, ongotembenuka mtima kumene. Lachitatu lililonse kunyumba kwawo ndinkalankhula ndekha, iwo n'kumangoti ameni. Ndinkati popanda ine sangathe.

Sabata yatha madzi amvula anatseka njira, ndipo ndinafika mochedwa, nsapato zili m'manja. Ndili pakhomo ndinamva mawu awo. Anali ataitana aneba atatu, akuwamasulira vesi imene tinawerenga, manja ali bii ndi malasha.

Atandiona, mayi aja anati, "Ba sisita, nkhalani apo, lelo mumveleko."

Ndinakhala pa chigubu ndikuseka, misozi ili chuchuchu. Inu ophunzitsa anzanu, apatseniko mpata ophunzira anu. Musadikire kuti mvula ikutsekeni pakamwa ngati ine.