Masoseji a M'mowa a Mayi Zastrow

Kwathu kuno ku Sheboygan mlendo wolemekezeka timamulandira ndi brati, masoseji onenepa a nkhumba aja, ndipo mumsewu wathu wonse munalibe wodziwa kuwaphika m'mowa kuposa mayi Marlys Zastrow. Tsono Lamulungu limene makolo a Wendell, mnyamata wofuna kukwatira mwana wawo Gretchen, ankabwera kudzaonekera koyamba, linawapeza mayiwo ali gone pasofa, mwendo uli m'chikhakha ataterereka pachipale chofewa, ndipo kukhitchini kunali amuna awo a Delbert, amene anakalambira kufakitale akuyeza tizitsulo koma sanakazingepo ndi dzira lomwe.

"Inu a Delbert! Mwautulutsa mphika wamagetsi uja? Wophika mwachifatse uja?"

"Ndautulutsa."

"Mumve bwino. Alendo afika wani koloko. Nzeru zanu lero sindikuzifuna. Chimene ndanena, chomwecho."

"Chimene mwanena, chomwecho," anayankha a Delbert mwaulemu.

"Dulani anyezi atatu. Mozungulira, ngati mphete."

"Zokhuthala bwanji?"

"Ngati chala."

Kenako mayi Marlys anamva masilipasi akukhwekhwereza, ndipo bambowo anatulukira atagwira kachitsulo kawo koyezera.

"Chala chake chiti? Changa kapena chanu?"

"Chilichonse!"

"Sizingatheke, Marlys. Chachikulu changachi nchonenepa kawiri kuposa chaching'ono chanucho. Tabweretsani dzanja."

"Ha! Ambuye ndithandizeni." Anapereka dzanja akuyang'ana kudenga. A Delbert anayeza chala chapakati, nalemba nambala pachikhatho, nkubwerera.

Mpeni unayamba kulira. Go. Mpweya. Go. Mpweya wina wautali. Mayi Marlys anayang'ana wotchi yapakhoma. Anyezi amene iwo akanamaliza nyimbo imodzi ya pawailesi isanathe anatenga theka la ola.

"Marlys," anaitana a Delbert akufwenthera, "bwanji tingomuimbira Verla? Mng'ono wanu ali pafupi pomwepa."

"Verla? M'khitchini mwanga? Ine ndili moyo?"

"Anadzipereka yekha dzulo."

"Verla amabaya masoseji ndi foloko ngati akupha njoka, msuzi wonse psiti! Ndiye sabata yamawa kutchalitchi azikauza anthu kuti apongozi a Gretchen anawaphikira ndi iye? Mwendo ndi umene wathyoka, bambo, osati mutu. Yalani anyeziwo pansi pa mphika. Batala pamwamba, theka la paketi."

"Ndayala."

"Tsopano tengani masoseji mufiriji, onse makumi awiri ndi anayi. Muwagoneke pa anyezipo mmene alilimo. Osaboola, osang'amba, osakanda. Mukangoboola pang'ono pokha, ine ndi inu tithana lero lomwe."

"Mmene alilimo."

"Eya. Mukatero muikemo zitini zitatu za mowa."

Mayi Marlys anatsamira pilo natchera khutu. Ankadikira kaphokoso kaja ka tswii, ka chitini chikamatsegulidwa, kamene pamoyo wawo anakamva kambirimbiri. Chimene anamva chinali gubudu. Kenako gubudu. Kenako gubudu wachitatu.

"A Delbert?"

"Wawa."

"Mowawo waphimba masoseji?"

"Chitini chimodzi chaphimba awiri. Chinacho chatsetserekera m'mbali."

"Mukuti chiyani?"

"Chachitatu chaimirira. Chivundikiro chikukana kutseka."

"Mwaika zitini? Zitini zenizeni? Zosatsegula?"

"Munati ndiike zitini zitatu za mowa. Ndawerenga kawiri, zilipo zitatu."

"Thirani! Kuthira! Mowa wake, osati chitini! Kodi zaka makumi anayi mwakhala mukudya patebulo panga, munalumapo chitini?"

"Ine ndimangoona zikafika pambale," anatero a Delbert modekha. "Mwina mumazivuula."

Tswii. Tswii. Tswii. Mayi Marlys anapumira m'mwamba. Anamva mowa ukukhuthuka, koma kulira kwake kunali kwachilendo, ngati mvula ikugwa pa ambulera.

"Akusambira masosejiwo?"

"Akuyandama."

"Onse?"

"Mapaketi onse anayi."

Mayiwo anadzuka theka, pilo nkugwa pansi. "Mapaketi?"

"Sindinaboole, sindinang'ambe, sindinakande. Ngakhale kapepala ka kwa ogulitsa nyama kadakali pomwepo."

"Pulasitiki, Delbert! Mukufuna kuwaphikira apongozi a mwana wanu pulasitiki?"

"Munati ndikangoboola tithana. Ine ukwati wanga ndimaufuna."

"Chosaboola ndi khungu la soseji!"

"Ndiye paketi ndiboole?"

"Boolani!"

"Ndi chilolezo chanu?"

"Ndi chilolezo changa, cha abusa, cha boma, boolani!"

Anamva sizasi ikudula mosamala ngati ya kuchipatala, kenako masoseji akugwera m'mowa limodzilimodzi, bambowo akuwerenga mokweza. Atafika pa makumi awiri ndi anayi, mayi Marlys anali atatopa ngati aphika okha kawiri.

"Vundikirani. Lumikizani kumagetsi, mupotokole kabataniko mpaka kumapeto. Ukangotentha, muutsitse. Mwamva? Muutsitse, uzipsa pang'onopang'ono. Ndipo chivundikirocho asachikhudze munthu."

"Ndiutsitse mpaka pati?"

"Pansi, bambo! Pansi! Kodi kutsitsa kuli ndi kwina?"

Mankhwala opha ululu amene anamwa m'mawa anayamba kugwira ntchito, ndipo mayi Marlys anasinza akuganiza za mayi ake a Wendell. Anamva kuti ndi mphunzitsi wopuma, wochokera kutsidya la nyanja ku Michigan, munthu waukhondo wosalankhulalankhula. Gretchen anali atakwanitsa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo aka kanali koyamba kubweretsa munthu wa zolinga zenizeni. Anthu oterowo akadya bwino, nkhani ya ukwati imayenda yokha.

Anadzidzimuka teni koloko itadutsa. Ananunkhiza. Nthawi imeneyi nyumba yonse inayenera kukhala itadzaza fungo la anyezi ndi mowa, mpaka makatani. Koma munkangomveka fungo la khofi wa m'mawa.

"A Delbert!"

"Ndili pano." Anali pampando wawo chapafupi, akuwerenga nyuzipepala mwamtendere.

"Mphika uja munautsitsa?"

"Ndinautsitsa."

"Mpaka pati?"

"Pansi penipeni."

"Ayi! Pansi penipeni mpozimitsa! Mukanasiya pa kadontho koyamba!"

"Kadontho sindinakaone. Ndausiya pafupi ndi makina ochapira."

Mayi Marlys anawayang'ana kukamwa kuli yasa. Makina ochapira anali m'chipinda cha pansi pa nyumba.

"Mwautsitsira... kunsi?"

"Masitepe khumi ndi atatu. Osataya ngakhale dontho. Ndipo umalemera, Marlys, musaone kuchepa."

"Uli pamagetsi kumeneko?"

"Za magetsi a kunsi simunanene."

"Ndiye ola lonseli masoseji anga angokhala mumdima, m'mowa wozizira?"

"Nyali ndawasiyira yoyaka."

"Ndipatseni ndodo zanga!"

"Adokotala anati musaponde pansi."

"Adokotala sakwatitsa mwana lero! Ndodo!"

"Kuti muyendere kapena kuti mundimenyere? Ndifunse, chifukwa zoyendera zifunika ziwiri."

"Bweretsani ziwiri, ndikasankhira konko!"

Anadzikoka mpaka kukhitchini, thukuta kamukamu, nadziponya pampando, mwendo wachikhakhawo nkuusanjika pa mpando wina. Kuchokera kunsi kunamveka a Delbert akukwera, sitepe imodzi, kupuma, sitepe ina, mphika uli pachifuwa ngati khanda.

"Ikani apo. Patebulo lophikirapo, osati pansi. Lumikizani. Potokolani kabatani mpaka kumapeto, muusiye pomwepo. Nthawi yotsitsa yatha."

"Ndiye ndiukweze?"

"Eya, kwez... Ayi! Imani pomwepo! Musaunyamule! Musayang'ane nkomwe masitepe a kuchipinda chogona!"

"Ndimangofunsa."

"Khalani pansi."

A Delbert anayang'ana pansi pa matailosi, nayamba kupinda maondo.

"Pampando, Delbert!"

Maola awiri otsatirawo mayi Marlys anaulondera mphikawo ngati wapolisi. Pang'onopang'ono galasi la chivundikiro linachita nkhungu, timadontho tinayamba kutsetsereka, kenako mowa unayamba kunong'ona m'mbali. Fungo linadzuka, lotsekemera, la anyezi wofewa ndi batala, nkulowa m'zipinda zonse. Bambowo anawatuma kuyala tebulo, ndipo ulendo uno anawauza chilichonse ngati akulemba kalata ya kukhoti: mbale zisanu ndi imodzi, zoyera, patebulo la m'chipinda chodyera, zoyang'ana kumwamba.

Itakwana hafu pasiti thwelofu anawalamula kuvuula masosejiwo ndi chopanira, osati foloko, nkuwagudubuza pachiwaya chamoto mpaka khungu litafiira. Iwo ankangoloza ndi ndodo: ilo, litembenuzeni, ilo lakwana, libwezereni m'mowa. Pomaliza anadula kachidutswa nkulawa. Msuzi unatuluka wotentha, wonona, kakuwawa ka mowa kali chapatali. Anatsinzina.

"Mmm. Awa ndiye masoseji. Verla angayese zaka zana."

"Ali bwino?"

"Ali bwino kwabasi. Mwandivutitsa, bambo inu, koma mwagwira ntchito." Anawasisita padzanja. "Tsopano mtima wanga wakhala m'malo."

A Delbert anaika chopanira pansi, napukuta manja pa epuloni.

"Mwatsimikiza?"

"Chiyani?"

"Kuti mtima wakhala m'malo."

"Ndatsimikiza. Bwanji?"

"Ndiye ndili ndi uthenga wanu. Gretchen anaimba Lachiwiri, inu muli kuchipatala."

"Lachiwiri? Lero ndi Lamulungu!"

"Anati, 'Adadi, mukawauze amami pokhapokha mtima wawo ukakhala m'malo.' Ndakhala ndikudikira. Lachitatu munakalipira adokotala. Lachinayi munakalipira Verla. Lachisanu ndi dzulo munakalipira ine."

"Nenani uthengawo!"

"Mwayambanso kukwiya. Mwina ndidikire."

"Delbert Zastrow!"

"Akuti kwawo kwa Wendell ndi a mpingo wopemphera Loweruka uja. Nkhumba sadya. Mowa samwa, ngakhale wa mumphika."

Mayi Marlys anayang'ana masoseji, nayang'ana amuna awo, nayang'ananso masoseji.

"Nchifukwa chake mnyamata uja atabwera anangodya mbatata zokha! Ine nkumati ndi manyazi, nkumamuwonjezera nyama pambale!" Anagwira kumutu. "Mayo ine! Nyumba yonse ikununkha ngati bala ya mowa! Anthu opemphera alowa muno? Aziti mwana wawo akukwatira kwa zidakwa! Tsegulani mawindo!"

"Onse? Kunja kukugwa chipale."

"Onse! Nanga adya chiyani? Mufiriji muli chiyani? Mazira? Muphika mazira inu? Ayi, ayi, imbirani Verla! Muuzeni abwere ndi chilichonse chopanda nkhumba, ndamupepesa, ndamugwira mwendo!"

"Uthengawo uli ndi mbali yachiwiri."

"Pali inanso?"

"Anati musavutike nkuphika, mwendo wanu upume. Chakudya abweretsa yekha. Nkhuku ziwiri zowotcha, mbatata, ndi keke ya maapozi imene aphika mayi ake a Wendell. Akuti makolowo akudziwa kuti kuno ndi kwa anthu a masoseji, ndipo sizikuwavuta."

Panja panalira hutala. Mayi Marlys anasuzumira pawindo. Galimoto yobiriwira inali itaima pachipata, Gretchen akutuluka atanyamula mbale yaikulu yokutidwa, Wendell akugwira mkono mayi wina wamfupi wa chipewa chofiira kuti asaterereke. Mayiyo anaona nkhope pawindo, namwetulira, nkugwedeza dzanja ngati akupatsa moni mnzake wakalekale. Mantha aja anatsika pachifuwa pa mayi Marlys, ndipo nawonso anagwedeza dzanja, mano onse pamtunda. Kenako anatembenuka, kumwetulira kuja kutazima.

"Ndiye inu mumadziwa. Kuyambira Lachiwiri mumadziwa! Mwandisiya ndikukuwa m'mawa wonse, ndasasa mawu, ndayenda ndi mwendo wothyoka, mwatsika ndi mphika, mwakwera ndi mphika. Bwanji osangonena kuti tisaphike? Masoseji makumi awiri ndi anayi, a Delbert! Adya ndani?"

A Delbert anang'amba banzi pakati, napaka masitadi, msuzi wachikasu wowawa uja, mosamala mpaka m'mbali monse, nagonekamo masoseji awiri, anyezi pamwamba.

"Osadya nkhumba ndi iwowo, Marlys," anatero akukoka mpando. "Ine mpingo sindinasinthe."